Tabo ya Limbani, Kompyuta ya Shepherd

Limbani Sakala anabadwira ku Chipangali, m'banja la alimi a mtedza ndi chimanga, Akatolika osajomba Misa ngakhale mvula igwe yotani. Khasu ankaligwira poopa atate ake basi. Mtima wake unali ku chigayo cha dizilo chimene chinali kuseri kwa tchalitchi. Injini ya chigayocho ikafa, mwini wake n'kuyamba kuimasula, Limbani ankaiwala thumba la chimanga limene am'tuma nalo, n'kunjuta pomwepo maso ali tuzu mpaka dzuwa kupendeka. Kunyumba ankakwapulidwa, koma mawa lake ankabwererakonso.

Atakula anatsikira ku Chipata. Anayamba ndi kumata machubu a njinga pafupi ndi msika wa Kapata, kenako anakhala wopatsira masipanala pa galaja ina ya pansi pa mtengo, ndipo pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kufunsa za iye kusiya mwini galaja. Mwayi wake unabwera tsiku limene lole ya a Kasimu inafera pakati pa msewu itadzaza matumba a mtedza. A Kasimu anali Msilamu wamalonda amene makolo awo anachokera ku Mangochi kalekale. Anali ndi sitolo ku Down Shops ndi malole angapo otuta mbewu m'midzi. Limbani atadzutsa loleyo, a Kasimu anam'patsa malo kuseri kwa nyumba yawo yosungiramo katundu.

"Malole anga onse uziona ndiwe," anatero. "Za anthu ena uzikonzeranso pomwepa, sindikuletsa."

Limbani anakwatira Lusiya, mkazi wa ku Kasenengwa wosoka zovala, anabereka mwana wamkazi dzina lake Precious, namanga kanyumba ku Mchini. Amene ankamudziwa zaka zimenezo akanalumbira kuti Limbani analibe kaduka. Anzake amene ankamata nawo machubu ankagula maminibasi, iye n'kumawakonzera mabuleki akuimba nyimbo za kwaya. A Kasimu akagula lole yatsopano, ankaizungulira, kuisisita, kunena kuti "Yabwino," n'kubwerera pa ntchito yake. Za eni zinali za eni.

Chimene chinam'tembenuza ndi galimoto imodzi yaing'ono.

Mujahid, mwana wotsiriza wa a Kasimu, anali wamng'ono kwa Limbani ndi zaka zingapo. Ankayang'anira sitolo, koma mutu wake unali pa liwiro. Anaitanitsa Alteza yakale yoyera kuchokera ku Japan, ndipo tsiku lomwe inafika anailowetsa pa galaja.

"Achimwene, ndikufuna iyi izithamanga kuposa galimoto iliyonse mu Chipata muno. Tiikemo tabo."

Tabo ndi kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi wa ekizozi, kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu. Mpweya wokankhidwawo anyamata amati busiti. Limbani anali atamasulapo matabo ambiri a malole, koma kuika tabo pa injini imene inabwera yopanda tabo anali asanayesepo. Anakanda m'mutu, nasuzumira m'boneti nthawi yaitali.

"Malo ake ndi ochepa," anatero. "Koma tiyeni tione."

Ntchitoyo inadya chaka ndi miyezi, Loweruka lililonse. Limbani ankapinda yekha mapaipi, kuwotcherera, kudula, kutaya, kuyambiranso. Anapsa mkono ndi ekizozi, chipsera chake chilipo mpaka lero. Mujahid ankavula mkanjo wake woyera, kuupachika pa msomali, n'kulowa pansi pa galimoto ngati waganyu. Nthawi ya swala ikakwana ankasamba, kuthamangira ku mzikiti, pobwera atanyamula masamusa a onse awiri. Ankadya atakhala pa matayala, akukangana za mpira ndi za zipembedzo zawo, n'kuseka. Limbani anali asanakhalepo ndi mnzake wotero.

Galimoto itatha kukonzedwa, ankakaiyesera pa msewu wa ku Lundazi. Mujahid ankagwira chiwongolero, Limbani atakhala pambali pake, windo lili lotsegula, khutu atatchera.

"Bwezani phazi. Dikirani. Pondani tsopano!"

Mujahid ankamvera zonse osafunsa. Anyamata a njinga zonyamula anthu ankati akangomva tabo ikuliza likhweru, ankapatukira m'mbali n'kumakuwa kuti, "Alteza ya Limbani iyo!" Mwini wake sankadandaula. Ankaseka n'kumati, "Zoona, ine ndimangoibwereka."

Injini ya tabo imafuna petulo wambiri busiti ikakwera, ndipo kompyuta imene inabwera ndi galimotoyo sinkadziwa zimenezo. Ndiye anagula kabokosi kothandizira, kokhala ndi timabatani tozunguza ndi sikuludiraiva, ndipo Limbani ankakachuna ndi khutu lake. Kanagwira ntchito bwino mpaka Mujahid anakhumbira tabo yokulirapo. Ataiika, galimoto inkanyamuka bwino, koma ikafika pa liwiro lenileni inkatsokomola, kulavula utsi wakuda, nthawi zina injini n'kumalira ngati mwalowa timiyala. Limbani anazunguza timabatani tonse uku ndi uku. Anasintha mapulagi, anasintha pampu ya petulo. Pomaliza anapukuta m'manja n'kunena yekha, ndi pakamwa pake:

"Kabokosi aka kafika pothera. Pakufunika kompyuta yeniyeni."

Mujahid anaitanitsa kompyuta yatsopano ku Joni, yolowa m'malo mwa yakale ndi kabokosi komwe, yoyendetsa injini yonse yokha. Koma imeneyo inalibe timabatani. Inkachunidwa ndi laputopu, ndipo munthu wodziwa ntchitoyo anali ku Lusaka. Dzina lake anali Shepherd.

Anabwera pa basi, atabereka kachikwama kumsana. Anali wamfupi, wonenepa pang'ono, wovala magalasi, manja ake osalala ngati a kalaliki. Limbani ankayembekezera munthu wodzimva, wonyoza za ku Chipata, ndipo akanakhala wotero zinthu zikanaphweka. Koma Shepherd anatsegula boneti, nayang'ana mapaipi nthawi yaitali, akuwatsata ndi chala.

"Ba Limbani, ndimwe munapanga izi?" anafunsa m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Nchito yabwino maningi. Kwathu ni ochepa angapange so."

"Tinangoyesa," anayankha Limbani, ndipo mumtima anakondwera.

Ntchito ya mawaya inagwera Limbani. Anagona chagada pansi pa chiwongolero masiku angapo, miyendo ili panja, msana ukuwawa, Shepherd akumuuza waya uti apite pati. Anamanga mawayawo mwaudongo, kuwakulunga tepi, osasiya ndi mmodzi yemwe akulendewera. Atatha, Shepherd analumikiza laputopu, nauza Mujahid kuti alize. Injini inalira, poyamba mogwedezeka. Shepherd anadina kabatani kamodzi, kenako kena, ndipo mawu a injini anasintha popanda munthu woikhudza. Inakhazikika phee, mosalala, mmene inali isanalirirepo m'manja mwa Limbani.

"Mashallah!" anafuula Mujahid. Anagwira Shepherd paphewa n'kumugwedeza. "Mwaona, achimwene? Mwaona?"

Limbani anaona. Anapita pa mpopi kukasamba m'manja, nasintha nsapato monga ankachitira nthawi zonse akamakayesa galimoto, n'kulunjika pa chitseko cha kumanzere. Anapeza Shepherd atakhala kale, laputopu ili pamiyendo, waya wake atalowa pansi pa dashibodi.

"Aa, achimwene," anatero Mujahid, "ayenera kukhala pamenepo kuti aziona manambala tikamathamanga. Inu..." Anacheukira kumbuyo. Kumbuyoko kunalibe mpando. Anauchotsa ndi Limbani yemwe kalekale kuti galimoto ipepuke. "Tikupezani. Sitichedwa."

Anachedwa. Limbani anaima pa geti akumva likhweru la tabo likuchepa kulowera ku msewu wa ku Lundazi, mpaka linasowa. Anabwerera mkati, natola sipanala, n'kuiikanso pansi. M'chifuwa munali chinthu chotentha chimene sankachidziwa dzina. Dalaiva wa lole ina anamufunsa za mabuleki, iye anamuyankha mokalipa, ndipo dalaivayo anachoka akudabwa kuti a Sakala adya chiyani lero.

Sabata yonse zinali zomwezo. Awiriwo ankachoka m'mawa, kubwera masana akuseka, akutchula manambala ndi mawu achizungu amene Limbani sankawadziwa. Akafika, Shepherd ankati, "Ba Limbani, tionereniko pulagi imodzi," ndipo Limbani ankaimasula n'kuipereka, ngati mmene ankaperekera masipanala pa galaja ya pansi pa mtengo ija ali mnyamata.

Lachisanu, swala itatha, a Kasimu anaitana mlendo wa ku Lusaka kuti akadye kunyumba kwawo. Limbani anawaona akulowa pa geti yaikulu, Mujahid akuonetsa Shepherd poika nsapato. Patapita nthawi wantchito anabwera pa galaja ndi mbale ya pilawu yovindikira, nyama yake yochuluka kuposa masiku onse. Kunena zoona, Limbani anali ataitanidwapo m'nyumba imeneyo kangapo pa Idi, ndipo ankakana yekha chifukwa cha ovolosi yake ya mafuta. Koma tsiku limenelo zimenezo sanazikumbukire. Anangoona kuti munthu wa sabata imodzi akudyera pa mkeka wa eni nyumba, iye wa zaka zonsezi akudyera pa tayala. Mbaleyo sanaivundukulenso. Anapita nayo kunyumba, Precious ndi amene anadya.

Tsiku lonyamuka, Shepherd anaika laputopu pa boneti n'kuitembenuzira kwa Limbani.

"Bwerani nikulangizeni. Si vovuta. Imwe injini muidziwa kale, apa ni kungoona chabe."

Limbani anayandikira. Pagalasipo panali timabokosi tambirimbiri, tobiriwira, tachikasu, tofiira, kalikonse kali ndi kanambala kake, m'mbali muli timawu tachizungu ting'onoting'ono. Sukulu anailekeza mu Giredi 7. Mujahid anali ataima pambali pake akumwetulira, akudikira kuti aone. Limbani anabwerera m'mbuyo.

"Ndili ndi lole yondidikira," anatero, n'kuchoka.

Shepherd atakwera basi, Mujahid anam'tenga Limbani kukayesa galimoto. Ataponda, Limbani anakankhidwira pa mpando mpaka mutu kugunda kumbuyo. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inangosanduka mzere umodzi. Panalibe kutsokomola, panalibe utsi, panalibe timiyala. Anatchera khutu mmene sanatcherepo, kufunafuna kaphokoso kolakwika, kamodzi kokha, koti aloze. Anachita kukapempherera mumtima. Sikanapezeke.

"Mwaiona bwanji?" anafunsa Mujahid, maso akuwala.

"Ikuthamanga," anatero Limbani, akuyang'ana panja.

Kuyambira pamenepo m'kamwa mwa Mujahid munalowa mawu atsopano. Shepherd wati tisinthe mafuta. Shepherd wati petulo wa pa malo akuti ndiye wabwino. Shepherd wati mapulagi awa ayi. Nthawi zina ankabwera pa galaja ndi laputopu yake, kuilumikiza ku galimoto ndi ku foni, ndipo Shepherd, ali ku Lusaka komweko, ankasintha mawu a injini imene inali pabwalo la Limbani, Limbaniyo ali chilili ndi nsanza m'manja. Anyamata a njinga nawo anamva nkhani. Galimoto ikadutsa ankauzana kuti, "Ija inachunidwa ndi munthu wa ku Lusaka, wa kompyuta."

Limbani anayamba kulankhula. Madalaiva a malole akakhala pa mthunzi kudikira, ankawauza kuti injini imeneyo sifika nayo mvula. Ankati chitsulo sichinamizika ndi manambala, mapisitoni adzasungunuka, adzaona. Mvula inabwera, inatha. Anasintha, nati sifika nthawi yokolola. Mtedza unakumbidwa, malole anayamba kututa, Alteza ikungothamanga. Madalaiva anayamba kumuseka. Wina akamva likhweru pamsewu ankati, "A Sakala, maliro aja akudutsa apo."

Lamulungu lina atabwera ku Misa, Lusiya anali pa makina ake pakhonde, akupinda mpendero wa diresi. Limbani anali atayambanso nkhani yake, za anthu amene amadya ndi mabatani anzawo akupsa manja.

"Atate a Precious," anatero Lusiya osaimitsa phazi, "kodi munthu ameneyu anakulandani chiyani? Mukangomutchula, ndiwo zimakuwawirani."

"Sindinamutchule."

"Dzina simutchula, koma m'nyumba muno timagona naye, timadzuka naye. Galimoto ija ndi ya a Mujahid."

"Ndinaimanga ndine."

"Inenso ndimasoka madiresi a ukwati. Koma sindilondola mkwatibwi kunyumba kwa mwamuna wake kukaona amene akumuvula."

Precious, amene ankatsuka mbale, anaseka mpaka kukhala pansi. Limbani anadzuka, natenga njinga, napita ku galaja ngakhale linali la Sabata. Anakakhala yekha pa tayala.

Chaka chimenecho Mujahid anapeza mbeta, Tasnim, mtsikana wa ku Lilongwe. Amalume ake a mtsikanayo, munthu wamkulu wolemekezeka, ankabwera kudzakambirana za ukwati, ndipo Mujahid anayenera kukawachingamira pa malire a Mwami. Dzulo lake anasiya galimoto pa galaja kuti isinthidwe mafuta. Atapereka makiyi, ali kale pa geti, anacheuka.

"Mafuta okha, achimwene. Shepherd wati musakhudze china chilichonse."

Ananena mosaganizira, n'kupita. Limbani anatsala atagwira makiyiwo. Musakhudze. M'boneti imeneyo munalibe nati imene sanaimange ndi dzanja lake. Anasintha mafuta, anapukuta injini, koma boneti sanatseke.

Pambali pa tabo pali kachitseko kamene kamatseguka busiti ikachuluka, kuti utsi wina upite padera. Kachitsekoko kamagwiridwa ndi kandodo kachitsulo kokhala ndi nati. Munthu akafupikitsa kandodoko, kachitseko kamachedwa kutseguka, busiti n'kukwera. Limbani ankadziwa zimenezi kuyambira pa malole. Sankafuna kuwononga kanthu. M'mutu mwake ankaona Mujahid akubwera kuchokera ku Mwami nkhope ikuwala, akufunsa kuti mphamvu yatsopanoyi yachokera kuti, iye n'kumuonetsa sipanala. Anamasula nati, anazunguza kandodo, anaima, anazunguzanso pang'ono, n'kumanga.

Chimene sankadziwa, chimene akanachiona pagalasi lija akanayandikira, n'chakuti kompyuta yatsopano inauzidwa malire. Busiti ikadutsa malirewo, inkadula petulo nthawi yomweyo kuti injini isaphulike.

Mawa lake masana anali pansi pa lole pamene anamva Alteza ikulowa pabwalo pang'onopang'ono, china chake chikukhula pansi. Anatuluka. Bampala ya kutsogolo inali ikulendewera, m'matayala muli udzu ndi dothi lofiira. Mujahid anali yekha. Mkanjo wake unali wonyowa ndi thukuta, milomo yake itauma.

"Alendo aja ali kuti?" anafunsa Limbani.

"Akwera takisi." Mujahid anatsika, natsamira chitseko. Mawu ake anali otsika. "Popita ndinayenda pang'onopang'ono. Pobwera, ndili ndi amalume, kutsogolo kunali lole. Ndinaona mpata, ndinatuluka, ndinaponda. Ndili pakati pa loleyo, injini inangoti zii. Inadzuka, inazimanso. Kutsogolo kukubwera minibasi yodzaza anthu. Ndinathawira kutchire, achimwene. Tinaima pafupi ndi mtengo, pafupi zedi. Amalume anatsika, anakhala pansi pa udzu n'kuyamba kupemphera."

Limbani anaika sipanala pansi.

"Ndinaimbira Shepherd pomwepo," anapitiriza Mujahid. "Wati kompyuta imachita zimenezo busiti ikapyola. Wati yokha singapyole, pali amene wakhudza kandodo ka tabo. Ndinamuuza kuti n'zosatheka. Ndinachita kumukalipira." Anaweramira mkati, nakoka chotsegulira boneti, nayang'ana Limbani m'maso. "Ndinalakwitsa kumukalipira?"

Limbani anayang'ana manja ake. Bodza linali pafupi, koma silinatuluke.

"Ndinkafuna muone," anatero.

"Ndione chiyani?"

"Kuti mphamvu ili m'chitsulo. Si m'magalasi a uja."

Madalaiva amene anali pa mthunzi anadzuka mmodzimmodzi n'kuzemba.

"Mu minibasi muja munali ana," anatero Mujahid. "Ndinawaona nkhope. Bwezerani kandodoko mmene kanalili, a Sakala. Mukatha, makiyi musiye ku sitolo."

Limbani anabwezera.

Anayembekezera kuchotsedwa, ndipo anauza Lusiya kuti akonzeke. Lusiya sanamukalipire. Anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Mukaulule kwa abambo mfumu ku tchalitchi Loweruka," ndipo Limbani anapitadi. A Kasimu anabwera okha pa galaja patapita masiku, akutsimphina ndi ndodo yawo. Anayendera malole awo, anafunsa za matayala, kenako anaima pamaso pake.

"Malole anga uzikonza monga kale. Sunandilakwirepo pa lole. Koma galimoto ya mwana wanga usaikhudzenso."

Chimene chinamuwawa koposa chinabwera kudzera kwa dalaiva wina. Akuti Shepherd ndi amene anamupepesera kwa Mujahid pa foni, kuti makaniko aliyense wa dzanja labwino amayesako zimenezo, kuti cholakwa chinalinso chake posamufotokozera Limbani za malire aja, ndi kuti munthu wopinda mapaipi motero asam'taye. Limbani atamva anaponya sipanala kukhoma. Akanakonda kutukwanidwa. Kukhala pa ntchito chifukwa cha chifundo cha munthu ameneyo kunam'khala pakhosi miyezi yambiri.

Ukwati unachitika, ngakhale amalume aja anayamba avuta. Lusiya anasoka zovala za atsikana operekeza, ndipo anapita kukadya. Limbani ananena kuti mutu ukumupweteka. Tasnim atalowa m'banja ananenetsa kuti sadzakwera galimoto imene inatsala pang'ono kupha amalume ake, komanso yopanda mpando wa kumbuyo. Mujahid anailimbikira kwa kanthawi, akuikonzetsa kwa makaniko wina wa ku Navutika, koma mimba yoyamba itaoneka anaigulitsa kwa mnyamata wina wa ku Lilongwe. Tsiku limene inanyamuka Limbani anali pa galaja. Anamva likhweru likudutsa pamsewu waukulu kulowera ku Mwami, ndipo sanatuluke.

Lero Limbani ali ndi imvi m'mbali mwa mutu. Akadali kuseri kwa nyumba ya katundu ija, ndipo madalaiva amanenabe kuti pa dizilo palibe womuposa mu Chipata. Anyamata akabwera ndi magalimoto awo kufuna tabo, amawabweza. Amati alibe nthawi ya zidole. Koma Lusiya amanena kuti Lamulungu masana mwamuna wake amabwereka foni ya Precious, kukhala kuseri kwa nyumba, n'kumaonera anthu akuchuna injini ndi laputopu, nkhope atayandikitsa pagalasi, milomo ikuwerenga manambala chamumtima. Munthu akatulukira amazimitsa msanga n'kunena kuti amafuna zigoli za mpira.

Ndi Mujahid amapatsana moni, amafunsana za ana. Masamusa a Loweruka anatha. Mwezi wathawu Mujahid anabwera ndi galimoto yake ya banja, yaikulu, ya mipando yambiri, kuti aone mabuleki. Ananenepa, ndevu zake zakula. Anakhala pa tayala akuonerera Limbani akumasula wilo, kenako anati:

"Ndinakumana naye mnyamata uja ku Lilongwe. Wa Alteza."

Limbani sanadzutse mutu.

"Ikuyendabe. Koma akuti zonse zimene anachuna Shepherd anazifufuta. Kunabwera wina wochokera ku Joni, anaona manambala aja n'kunena kuti ndi achikale. Anayambiranso."

Sipanala inaima. Limbani anatembenuka pang'onopang'ono.

"Anafufuta zonse?"

"Zonse."

Limbani anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka kupukuta misozi ndi nsanza ya mafuta n'kudzidetsa kumaso. Madalaiva anasuzumira kuti aone chachitika. Mujahid anapukusa mutu, koma naye anamwetulira.

Kuseka kutatha, Limbani anabwerera pa wilo. Anachotsa mabuleki akale, anayeza atsopano, anaphwetsa fumbi. Kenako, osayang'ana mnzakeyo, anafunsa:

"Nanga za m'boneti amamuonera ndani?"

"Ali ndi makaniko wake ku Biwi. Akuti dzanja lake n'labwino kwambiri. Amam'tama zedi."

Limbani anamanga nati yoyamba, yachiwiri, yachitatu, iliyonse moposa mmene inkafunikira.

"Ndi munthu wamkulu kapena mwana?"

"Sindinafunse."

"Mukadzapitanso mudzandifunsire," anatero Limbani. "Ndi dzina lake lomwe."